Chidapha Wotchi ya Waltham N'chiyani?

 Lero tikambirane za wotchi. Masiku ano ambiri a ife tikafuna kudziwa nthawi timangosolola foni m'thumba, motero munthu akamva kuti kampani ina yopanga mawotchi idatseka zitseko sadabwa nkomwe. Amangoti idaphedwa ndi foni, kapena ndi timawotchi ta batire totsika mtengo tija tidadzaza m'misika. Yankho limeneli limakoma m'khutu chifukwa silipatsa munthu aliyense mlandu. Zimangokhala ngati idagwa mvula yamatalala, ndipo palibe amene akadaiimitsa. Koma kampani yomwe ndikufuna kuti tiione lero, Waltham Watch Company ya m'dziko la America, idasiya kupanga mawotchi mu 1957. Wotchi yoyamba ya pamkono ya mtundu wa quartz, yomwe ndi kholo la mawotchi a batire omwe tikuwadziwa lero, idatulutsidwa ndi kampani ya Seiko ku Japan mu Disembala 1969, Waltham itatha kale zaka 12 ili m'manda. Foni ya m'manja ndiye tisanene. Choncho wakupha tiyenera kumufunafuna kwina, ndipo maganizo anga ndi akuti sadali kutali: adali m'chipinda cha mabwana a kampani yomweyo. Chuma chenicheni cha Waltham sichidali nyumba kapena dzina, chidali kapangidwe ka zinthu. Kapangidwe ndi chinthu chomwe mnzako amatha kuona n'kutengera, ndipo chimakusunga patsogolo pokhapokha ukupitiriza kuchikonza. Eni ake a Waltham adafika poiwala zimenezi.

Tiyambire kumayambiriro. Chaka cha 1850 chisadafike, wotchi idali ntchito ya manja. Ku England ndi ku Switzerland, mmisiri wina ankasula timawilo ta mano ali kunyumba kwake, wina sipuling'i, wina mivi yolozera nthawi, wina chikuto, kenaka zonsezi zinkapita kwa mmisiri wamkulu yemwe ankapala apa, kusongola apo, kufikira tizitsulo tonse titagwirizana. Zotsatira zake n'zakuti panalibe mawotchi awiri ofanana ndendende. Kachitsulo kamodzi kakathyoka, sukadapita kusitolo kukagula kena. Pankafunika mmisiri woti asule katsopano koyenera wotchi yakoyo basi. N'chifukwa chake wotchi yabwino idali katundu wa anthu opata. Munthu yemwe adatsutsa zimenezi adali Aaron Lufkin Dennison, wokonza mawotchi wobadwira m'chigawo cha Maine mu 1812. Iye adaona momwe fakitale ya boma ya mfuti ku Springfield, m'chigawo cha Massachusetts, inkapangira zitsulo zofanana ndi makina, moti chitsulo cha mfuti iyi chinkalowa bwinobwino mu mfuti inzake. Adadzifunsa kuti chingaletse n'chiyani kuchita zomwezo ndi wotchi. Anthu ambiri adamuona ngati wozungulira mutu, ndipo sadali olakwa kwenikweni pokayika, pakuti kachitsulo ka mu wotchi n'kakang'ono kwambiri moti kuphonya pang'ono chabe, kocheperapo kuposa kunenepa kwa tsitsi, wotchi yonse imaima.

Mu 1850 Dennison adagwirizana ndi Edward Howard ndi David Davis n'kuyamba ntchito ku Roxbury, pafupi ndi mzinda wa Boston. Mu 1854 adasamukira ku tauni ya Waltham, m'mbali mwa mtsinje wa Charles, komwe dzina la wotchiyi lidachokera. Zinthu sizidayende. Makina oti apange tizitsulo adayenera kuyamba apangidwa iwo eni, ndipo ndalama zinkathera komweko pamene mawotchi otuluka adali ochepa. Mu 1857 kampani idagwa, katundu wake n'kugulitsidwa pa okishoni. Adaigula ndi Royal E. Robbins, munthu wamalonda wodziwa msika wa mawotchi, ndipo pofika 1859 idayamba kutchedwa American Watch Company. Apa pali chinthu chomwe ndikufuna muchisunge m'mutu, omvera: mbiri ya kampaniyi kuyambira pachiyambi ndi mkangano wa anthu awiri, wamakina ndi wandalama. Pamene onse awiri adali ndi mawu, kampani inkakula. Pamene wandalama adatsala yekha pampando, idayamba kufota.

Chomwe chidaitukula ndi nkhondo yapachiweniweni ya ku America, ya 1861 mpaka 1865. Dennison ankafuna wotchi yotsika mtengo yoti msilikali wamba aikwanitse. Robbins sadagwirizane nazo, ndipo kusamvana kwawo pa nkhaniyi ndi zina kudachititsa kuti Dennison achotsedwe ntchito pa kampani yomwe adaiyambitsa yekha. Komabe wotchiyo idapangidwa. Idatchedwa William Ellery, ndipo inkagulitsidwa pa mtengo wa madola 13, ndalama yofanana ndi malipiro a pamwezi a msilikali wamba wa kumpoto panthawiyo. Asilikali adaigula mwaunyinji, moti pofika kumapeto kwa nkhondo pafupifupi theka la mawotchi omwe kampani inkagulitsa adali a mtundu umenewu. Wochotsedwa uja ndiye adali wolondola. Iye adakathera ku Birmingham, ku England, komwe adatsegula bizinesi yopanga zikuto za mawotchi, ndipo adamwalira komweko mu 1895. Kampani yomwe adaisiya m'mbuyo idapitiriza kupanga makina odabwitsa. Mmodzi wa amisiri ake, Charles Vander Woerd, adapanga makina omwe unkangowapatsa waya wachitsulo, iwo n'kumalavula okha timabawuti ting'onoting'ono ta mu wotchi, tofanana tonse, tsiku lonse, popanda dzanja la munthu.

Tsopano tifike pa chaka chomwe chili pakatikati pa nkhani yonseyi, 1876. Dziko la America linkakondwerera zaka 100 za ufulu wake ndi chionetsero chachikulu mumzinda wa Philadelphia, ndipo Waltham idatengera makina ake kumeneko n'kuwayatsa pamaso pa anthu. Pakati pa oonerera padali nthumwi zochokera ku Switzerland, zomwe zidabwera zili kale ndi nkhawa, chifukwa malonda awo ku America adali atalowa pansi: mu 1872 adatumizako mawotchi oposa 300,000, koma mu 1876 sadafike n'komwe 100,000. Mmodzi wa nthumwizi, Edouard Favre-Perret, atabwerera kwawo adaimirira pamaso pa amisiri anzake ku La Chaux-de-Fonds n'kuwauza zomwe sankafuna kumva. Adati wantchito mmodzi wa ku Switzerland ankatulutsa mawotchi pafupifupi 40 pachaka, pamene wa ku America ankatulutsa pafupifupi 150, ndipo kuti mawotchi a makinawo sadali achabechabe monga momwe ankadzinamizira, koma ankasunga nthawi bwino lomwe. Injiniya wa kampani ya Longines, Jacques David, adayendera mafakitale a ku America n'kulemba lipoti lofotokoza mwatsatanetsatane makina, kagawidwe ka ntchito ndi kayezedwe ka zitsulo. Lipotilo adalisunga mwachinsinsi kwa zaka zoposa 100. Amisiri ambiri a ku Switzerland adakwiya, ena adanyoza, koma m'zaka zotsatira makampani monga Longines adayamba kuika makina, kusonkhanitsa antchito pansi pa denga limodzi ndi kupanga zitsulo zofanana. Adameza kunyada kwawo n'kukhala ana asukulu a mdani wawo.

Wina anganene apa kuti basi mlandu wapezeka: Waltham idadzipha yokha poonetsa chinsinsi chake pagulu. Ndikuona kuti ganizo limeneli silingaime. Chinsinsicho chidali chitatuluka kale, ndipo sichidatulukire pa chionetsero, chidatuluka ndi miyendo ya anthu. Mu 1864, zaka 12 chionetsero cha Philadelphia chisadachitike, anthu achuma a ku Chicago adanyengerera amisiri angapo odziwa bwino ntchito a ku Waltham ndi malipiro okwera, n'kukayambitsa nawo fakitale ku Elgin, m'chigawo cha Illinois. Kampani ya Elgin idakula mpaka kudzaposa Waltham pa kuchuluka kwa mawotchi. Makampani ena a ku America adabadwa mwa njira yomweyo, amisiri akuchoka apa kupita apo ndi nzeru zawo m'mutu. Luso lomwe likugwiritsidwa ntchito ndi anthu mazanamazana tsiku ndi tsiku silingatsekeredwe m'kabati. Komanso tisaiwale kuti zaka 40 zotsatira chionetserocho ndi zomwe Waltham idachita bwino koposa. Kuonedwa sikudaiphe. Idakhalabe patsogolo chifukwa pamene ena ankatengera makina a dzulo, iyo idali ikupanga kale a mawa.

Chomwe chidaidyetsa m'zaka zimenezo ndi njanji. Mu 1883 makampani a sitima za pamtunda ku America adagwirizana zogawa dzikolo m'zigawo za nthawi, pofuna kuthetsa chisokonezo choti tauni iliyonse idali ndi nthawi yakeyake yoyendera dzuwa. Panjanji imodzi pomwe sitima ziwiri zikuyenda moyang'anizana, wotchi yolakwika ndi imfa. Mu 1891 sitima ziwiri zidawombana ku Kipton, m'chigawo cha Ohio, anthu 8 n'kufa, ndipo mlandu udagwera pa kusasunga nthawi. Zitatero, wogulitsa mawotchi wa ku Cleveland, Webb C. Ball, adapatsidwa udindo wokhazikitsa malamulo a mawotchi a anthu ogwira ntchito panjanji. Wotchi yovomerezeka inkayenera kusaphonya ndi masekondi oposa 30 pa sabata yathunthu, ndipo inkayenera kumapita kwa woyeza nthawi ndi nthawi. Waltham idapanga mawotchi a m'thumba okwaniritsa malamulowa, monga Vanguard ndi Crescent Street, ndipo dzina lake lidafanana ndi mawu akuti kudalirika. Tauni ya Waltham mpaka lero imadziwika kuti ndi mzinda wa mawotchi.

Nanga kutsika kudayamba liti? Pali umboni wina womwe suvuta kuumva ngakhale pawailesi. Wotchi iliyonse ya Waltham idali ndi nambala yakeyake yodindidwa mkati, ndipo manambalawa ankatsatana. Nambala ya 1 miliyoni idafikidwa cha mu 1877. Ya 10 miliyoni cha mu 1901. Ya 20 miliyoni cha mu 1915. Imani pamenepo: mawotchi 10 miliyoni m'zaka pafupifupi 14. Koma kuti afike pa 30 miliyoni padatenga mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, kutanthauza zaka zoposa 20, ndipo pamene fakitale inkaleka mu 1957 nambala idali cha pa 35 miliyoni. Chiwerengero cha anthu ku America chinkakwera, anthu ovala mawotchi ankachuluka, koma Waltham inkapanga ochepa. Matenda adayamba nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isadayambe, ndipo adayamba panthawi yomwe wotchi inkachoka m'thumba kupita pamkono.

Kusintha kumeneku kudabwera ndi nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918. Msilikali ali m'ngalande, mfuti ili m'manja, analibe mpata wopisa m'thumba. Asilikali atabwerera kwawo adapitiriza kuvala mawotchi pamkono, chinthu chomwe kale chinkaonedwa ngati cha amayi, ndipo pofika cha m'ma 1930 wotchi ya pamkono idali itaposa ya m'thumba pamsika. Sikuti Waltham sidapange mawotchi a pamkono, idawapanga. Vuto lidali lakuti wotchi ya pamkono ndi chovala. Wogula amafuna yopyapyala chaka chino, yamakona anayi chaka chamawa, yaing'ono kwambiri ya mkazi wake. Fakitale ya Waltham idamangidwa kuti izitulutsa mitundu yochepa ya wotchi zazikulu mwaunyinji, ndipo kusintha mtundu kunkafuna makina atsopano ndi ndalama zambiri. A ku Switzerland, omwe adatenga makina a ku America koma osataya timakampani tawo tambirimbiri ting'onoting'ono, ankatha kusintha msanga. Pansi pa msika napo padali patalowa ena: kuyambira m'zaka za m'ma 1890 kampani ya Ingersoll inkagulitsa wotchi ya dola imodzi. Waltham idapanikizidwa pakati, pamwamba a ku Switzerland, pansi wotchi ya dola. Nthawi imeneyi ndi yomwe inkafunika kuthira ndalama m'makina ndi m'mitu ya amisiri. Atsogoleri ake, pansi pa Ezra Fitch yemwe adakhala pampando zaka zoposa 30, adamwaza mphamvu pa zinthu zina monga zoyezera liwiro la galimoto, n'kuunjika katundu wosagulidwa m'nkhokwe ndi ndalama zangongole. Chuma cha dziko chitagwedezeka mu 1921, mabanki adalowerera.

Mu 1923 kampani idaperekedwa m'manja mwa Frederic C. Dumaine, yemwe sadali munthu wa mawotchi. Iye ankayendetsa chuma cha Amoskeag, kampani yaikulu yoomba nsalu ku Manchester, m'chigawo cha New Hampshire. Adachita zomwe anthu otere amadziwa kuchita. Adadula malipiro, zomwe zidautsa sitalaka mu 1924 yomwe idatenga miyezi ingapo pa fakitale yomwe kale inkatamandidwa chifukwa chosamala antchito ake. Adachepetsa ndalama zotsatsira malonda, adaumira pa zogulira makina atsopano ndi zofufuzira mitundu yatsopano ya wotchi. Omuikira kumbuyo ali ndi mfundo, ndipo tiyenera kuimva. Amati adapeza kampani ili pakamwa pa manda, adabweza ngongole, adaidutsitsa m'mavuto aakulu azachuma a m'ma 1930 pamene makampani ena ambiri adafa, ndipo eni masheya adalandira phindu lawo. Zonsezi n'zoona. Koma funso n'lakuti phindulo linkachokera kuti. Mlimi yemwe wadya mbewu yake amakhuta m'nyengo ya njala kuposa anzake, ndipo ukamuona panthawiyo ungamuyamikire kuti ndi wanzeru. Mlandu wake umadzaonekera nthawi yodzala. Phindu la zaka za Dumaine lidali makina omwe sadagulidwe, amisiri achinyamata omwe sadaphunzitsidwe, ndi dzina lomwe lidasiya kumveka m'makutu a ogula. Mabuku a ndalama sasonyeza zinthu zomwe sizidachitike, n'chifukwa chake utsogoleri wotere umaoneka wabwino kufikira tsiku lomwe zonse zigwera pamodzi. Pamene Dumaine ankagulitsa gawo lake mu 1944, adasiya nyumba yoyera mabuku koma yokalamba makina.

Pali kutsutsa kwina kwamphamvu kuposa kumeneku, ndipo ndi komwe anthu a ku Waltham eni ake ankakhulupirira. Amati chidapha kampani yawo ndi nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. America italowa nkhondo mu 1941, mafakitale ake a mawotchi adauzidwa kusiya msika wa anthu wamba n'kuyamba kupangira asilikali: mawotchi a ankhondo, makoloko a m'ndege, makampasi, ndi tizipangizo tophulitsira mabomba pa nthawi yake. Dziko la Switzerland silidalowe nkhondo, choncho lidapitiriza kutumiza mawotchi ake ku America, ndipo kwa zaka zinayi wogula wolowa m'sitolo ankapeza a ku Switzerland okhaokha. Nkhondo itatha, msika udali utapita. Uku n'kudandaula komveka, ndipo palibe angakane kuti Waltham idatumikira dziko lake n'kulipidwa ndi kutaya makasitomala. Koma nkhondo yomweyo idagwera makampani onse a ku America mofanana. Hamilton ya ku Lancaster, m'chigawo cha Pennsylvania, nayo idasiya msika wa anthu wamba. Kusiyana kwake n'kwakuti Hamilton idagwiritsa ntchito zaka za nkhondo kuphunzira chinthu chovuta kwambiri, kupanga mwaunyinji makoloko olondola kwambiri oyendetsera sitima za pamadzi, omwe kale ankapangidwa ndi manja ku Ulaya, ndipo idapanga masauzande ambiri. Idatuluka m'nkhondo ili ndi luso loposa lomwe idalowa nalo. Mu Januwale 1957, chaka chomwe Waltham inkatseka, Hamilton idatulutsa wotchi ya pamkono yoyendera batire, yoyamba kugulitsidwa pamsika. Mu 1960 kampani inanso ya ku America, Bulova, idatulutsa wotchi ya batire yotchedwa Accutron. Waltham idatuluka m'nkhondo ndi makina otopa ndi mitundu yakale, ndipo mawotchi omwe idathamangira kutulutsa nkhondo itangotha adaipitsa dzina lake kwa ogulitsa.

Kumapeto kwa 1948 ndalama zidatha, fakitale idatsekedwa, anthu oposa 2,000 n'kukhala pakhomo. Apa ndi pomwe kutsutsa kwina kumalowera, kwa iwo omwe amati boma lidalekerera kampani yakwawo kuti idyedwe ndi alendo olipira antchito awo ndalama zochepa. Mtsogoleri wa bungwe la antchito a mawotchi, Walter Cenerazzo, adayenda ponseponse ndi uthenga umenewu, ndipo n'zoona kuti pangano la zamalonda la 1936 pakati pa America ndi Switzerland lidatsitsa msonkho wa mawotchi olowa m'dziko. Koma taonani zomwe boma lidachita. Mu 1949 bungwe la boma lobwereketsa ndalama, Reconstruction Finance Corporation, lidavomereza ngongole ya madola 6 miliyoni yoti ipulumutse Waltham. Kumayambiriro kwa 1950 fakitale idatsekedwanso. Idatsegulidwanso pambuyo pake, yochepa mphamvu. Mu 1954 Pulezidenti Dwight Eisenhower adakweza msonkho wa mawotchi ambiri ochokera kunja ndi theka lathunthu, ponena kuti luso lopanga mawotchi n'lofunika pa chitetezo cha dziko. Waltham idalandira zonse ziwiri zomwe kampani yovutika imapempha, ngongole ya boma ndi mpanda wa msonkho, ndipo patangotha zaka zitatu idaleka. Mpanda umagulira munthu nthawi. Zomwe achite nayo nthawiyo ndi nkhani ina. Ndipo chodabwitsa n'chakuti m'chaka chomwecho cha 1954 kampaniyi idatsegula nthambi yake ku Switzerland, kuvomereza poyera kuti omwe idawaphunzitsa aja tsopano ndiwo aphunzitsi.

Nkhani ya malipiro otsika nayo ili ndi yankho lake, ndipo yankholo lili ku America konko. M'zaka zomwe Waltham inkafa, kampani ina ya m'chigawo cha Connecticut, yochokera ku Waterbury Clock Company yomwe kale inkapangira Ingersoll mawotchi a dola aja, idatulutsa dzina la Timex mu 1950. Mtsogoleri wake, Joakim Lehmkuhl, adachita zomwe Dennison adachita zaka 100 m'mbuyomo. Adafunsa kuti wotchi ingapangidwe bwanji mophweka, ndi makina, pa mtengo woti aliyense aikwanitse. Adachotsa timiyala todula tomwe timaikidwa mu wotchi pochepetsa kuperepeseka kwa zitsulo, adapanga wotchi yolimba yoti ikafa ungotaya n'kugula ina, ndipo pamene masitolo a zokongoletsera adaikana, adakaigulitsa m'masitolo a mankhwala ndi m'timashopu wamba. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, pa mawotchi atatu alionse ogulidwa ku America, imodzi idali Timex. Ngati vuto likadakhala malipiro a ku America basi, zimenezi sizikadatheka. Maganizo omwe adabala Waltham adali akadali ndi moyo ndipo ankalemeretsa anthu; adali atangosamuka nyumba.

Kwatsala kutsutsa kumodzi komwe sindingakuthawe. Wina adzati: chabwino, koma Elgin idasiya kupanga mawotchi ku America mu 1968, Hamilton mu 1969, ndiye ngakhale Waltham ikadayendetsedwa bwino ikadangochedwa kufa. Apa ndivomereze mbali yaikulu. A ku Switzerland sadangotengera makina okha. M'zaka za m'ma 1920 ndi 1930 adamanga mgwirizano wa makampani awo mothandizidwa ndi boma ndi mabanki, adaphatikiza opanga zamkati mwa wotchi pansi pa Ebauches SA mu 1926 ndi ASUAG mu 1931, adagwirizana mitengo, ndipo adaika malamulo okhwima pa kutumiza kunja makina ndi zipangizo, pokumbukira bwino momwe iwo eni adaphunzirira. Kampani imodzi payokha kulimbana ndi dziko lathunthu logwirizana chotero ndi nkhondo yovuta, ndipo mwina palibe utsogoleri womwe ukadasunga mpaka lero fakitale ya m'mbali mwa mtsinje wa Charles. Koma zaka 11 kapena 12 si kanthu kakang'ono kwa banja lomwe likudya kuchokera pa fakitale. Komanso kafedwe kamasiyana. Hamilton idafika kumapeto ili ndi luso ndi dzina zoti wina azigule, ndipo mawotchi a dzinali akupangidwabe pansi pa Swatch Group. A ku Switzerland nawo, quartz itawagwera m'zaka za m'ma 1970, antchito awo adatsika kuchoka pa pafupifupi 90,000 kufika cha pa 30,000, koma adachitanso zomwe adachita mu 1876: adavomereza kuti apitiriridwa, adaphatikiza makampani, n'kutulutsa wotchi ya Swatch mu 1983. Kupitiriridwa kumagwera aliyense. Waltham idapitiriridwa kwa zaka 30 ikudziuza kuti vuto ndi antchito, kenaka nkhondo, kenaka msonkho.

Chomwe chidatsala mu 1957 chidagawidwa. Gawo lopanga makoloko a m'ndege ndi zipangizo zoyezera lidapitirira pansi pa dzina la Waltham Precision Instrument Company. Nyumba zazitali za njerwa za pa Crescent Street zidakalipo, ndipo lero muli maofesi ndi nyumba zogonamo anthu. Dzina lenilenilo lidasanduka katundu wogulitsa payekha, lomatidwa pa zinthu zopangidwa kwina ndi anthu ena. Zidafika poti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 bungwe la boma loona za chilungamo pa malonda, Federal Trade Commission, lidalowererapo pa nkhani ya makoloko ochokera ku West Germany omwe ankagulitsidwa ndi dzina la Waltham, ndipo lidalamula kuti ogula aziuzidwa momveka kuti katunduyo sadapangidwe ndi kampani yakale ija ya ku Massachusetts. Eni dzinalo adakadandaula kukhoti, ndipo mu 1963 khoti lidagwirizana ndi bungwelo.